Usipa, Mtedza ndi Funso la Amene Adzalipire

Kukacha bwino, munthu woima padoko la Nkhata Bay amaona mapiri kutsidya la nyanja. M'munsi mwa mapiri amenewo muli Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania. Bomali ndi latsopano. Linapatulidwa ku boma la Mbinga mu 2012, ndipo kalembera wa chaka chomwecho anapezamo anthu 146,160. Mbali yake ya kunyanja ndi kamtunda kopapatiza, kopanikizika pakati pa madzi ndi mapiri a Amatengo. Midzi inandandalikana m'mphepete mwa madzi kuyambira ku Chiwanda, kufupi ndi malire a Mozambique, kudzera ku Mbamba Bay, Liuli ndi Mbaha mpaka ku Lituhi, kufupi ndi kumene mtsinje wa Ruhuhu umathirira m'nyanja. Mmalawi wa ku Usisya kapena ku Likoma atafika kuno sangadzione mlendo kwenikweni. Nsima ndi ya chinangwa, ndiwo ndi usipa, mabwato ndi omwewo, ndipo mwera ukakalipa aliyense amadziwa kuti lero kulibe kulowa m'madzi.

Gombe ili ndi malo abwino oyeserapo funso limene limazunguza aliyense wofuna kuyamba bizinesi: kodi ayambire pa ganizo limene lamukomera m'mutu, kapena pa vuto limene anthu akulimbana nalo kale? M'kalasi ya zamalonda funsoli amalikambirana ndi choko pabolodi. Kunyanja limayankhidwa m'mawa uliwonse, ndipo wolakwitsa amataya nsomba dzuwa lisanafike paliwombo. Mbiri nayo inachita kuika zitsanzo ziwiri pamsewu umodzi. Kumathero a kumadzulo kuli amayi oyanika usipa ndi kampamba kawo kochepa. Kumathero a kum'mawa, makilomita oposa 800 kuchokera pano, kuli doko la Mtwara, limene analimangira mtedza umene sunabwere.

Boti likagunda mchenga

Usipa, umene Aswahili amautcha dagaa, umagwidwa usiku. Asodzi amalowa pakati pa nyanja ndi nyali zowala kwambiri, nsomba zimaunjikana pansi pa kuwalako, kenako amazizinga ndi khoka lija ku Malawi amati chilimira. N'chifukwa chake ntchitoyi imayendera mwezi. Kukakhala mdima nsomba zimabwera ku nyali. Mwezi ukawala usiku wonse nyali sizikopa kanthu, ndipo ambiri amapuma, n'kumasoka maukonde ndi kukonzetsa mainjini. Ndalama pagombe nazo zimabwera ndi kupita motsatira mwezi womwewo. Wogulitsa chilichonse kwa msodzi akapanda kudziwa zimenezi amakongoza katundu pa sabata yolakwika, n'kumadabwa kuti anthu abwinobwino asanduka okanika kubweza ngongole.

Boti likangofika pamtunda, liwiro lina limayamba. Usipa ndi kansomba kakang'ono ndi kofewa, sikachedwa kuwonongeka. Mayi amene wapikula mabeseni angapo ali ndi maola owerengeka kuti nsombazo ziyanikidwe, zifutsidwe kapena zikazingidwe. Kale njira yofala inali kuyanika pamchenga kapena pamiyala. Usipa wotere umauma ndithu, koma wodya amakukuta mchenga, ndipo wogula wa ku tauni ya Songea akangoulawa amatsitsa mtengo. Kenako anafala matandala, nsanja zamitengo zoyalapo ukonde kapena bango, zimene zimachotsa nsomba pansi kuti mphepo izidutsa pansi ndi pamwamba pomwe. Alangizi a zausodzi akhala akulimbikitsa matandala kwa zaka zambiri, koma mlaliki wamkulu anali msika: usipa woyera, wopanda mchenga, umagulidwa bwino kuposa unzake, ndipo mayi amene waona kusiyana kwa mtengoko safunanso msonkhano womulimbikitsa.

Thandala silitseka mvula. M'dzinja boti likhoza kubwera lodzaza tsiku limene kumwamba kwada bii. Nsomba zikanyowa zisanaume zimachita nkhungu, zimanunkha, mapeto ake zimapita motchipa kwa opanga chakudya cha ziweto kapena zimatayidwa. Geni ya usipa phindu lake limakhala lochepa pa beseni lililonse, motero mayi wopikula mabeseni 10 akataya awiri kapena atatu, ulendo umenewo wangogwira ntchito yaulere. Akatero kawiri kotsatizana, mpamba umayamba kudyeka.

Munthu akayenda pagombe mwachidwi amazindikira kuti pafupifupi bizinesi iliyonse imene yakhalitsa inamera pamalo pamene wina amataya kanthu. Wogulitsa nkhuni ndi mafuta ophikira alipo chifukwa kufutsa ndi kukazinga kumapulumutsa nsomba tsiku la mitambo. Wogulitsa mapepala apulasitiki alipo chifukwa mvula ikayamba mwadzidzidzi matandala amafunika kufunditsidwa. Makaniko wa injini za maboti alipo chifukwa injini ikafa pa sabata ya mdima, mwini boti amaluza usiku uliwonse umene boti lagona pamtunda, ndipo antchito ake amathawira kwa wina. Anthu amenewa sanachite kufotokozera makasitomala awo kuti ali ndi vuto. Makasitomala ndiwo anabwera ali wefuwefu.

Nkhani ya nyali ikuonetsa bwino zimenezi. Kwa nthawi yaitali usipa unkagwidwa ndi nyali zopopa za palafini. Usiku uliwonse msodzi ankagula palafini, kaya agwire nsomba kaya abwerere chimanjamanja, ndipo magalasi ndi tinsalu toyatsira tinkasweka pafupipafupi. Nyali za magetsi zoyendera batire zitafika, zinafala m'magombe ambiri a nyanja ino, monganso ku nyanja za Victoria ndi Tanganyika, popanda kukakamiza munthu. Msodzi ankadziwa pamtima ndalama imene palafini amamudyera, ndiye kuwerengera kwake kunali kwachidule. Kusinthako kunabala vuto lina, loti mabatire amafunika kutchajidwa masana alionse, ndipo pomwepo panamera bizinesi ya munthu wokhala ndi sola kapena magetsi, amene amatchajanso mafoni a gombe lonse.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa dandaulo ndi vuto la bizinesi. Anthu amadandaula zinthu zambirimbiri zimene sangatulutsire ndalama. Aliyense amanyansidwa ndi zinyalala za pagombe, koma amene angalipire wosesa ndi ochepa. Mayi yemweyo amene sangapereke kanthu pa zinyalala amalipira mnyamata womunyamulira mabeseni popanda kunyinyirika, chifukwa kuchedwa kwa theka la ola kumaonekera pa nsomba zake. Vuto lodyetsa munthu ndi limene eni ake akulilipira kale mwa njira ina: ndi ndalama, ndi nthawi, ndi katundu wowonongeka, kapena ndi njira yongoyerekeza imene anadzipangira okha. Pamene pali pepala lakutha lomangidwa ndi luzi pamwamba pa thandala, pamenepo pali munthu amene wayesa kale kudzithandiza ndipo akudikira chabwino kuposa chimenecho.

Mtedza wa ku Kongwa

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku Britain kunali kusowa kwa mafuta ophikira ndi majarini, moti anthu ankagula mochita kuwayezera. Mu 1946 Frank Samuel, mkulu wa kampani ya United Africa Company, nthambi ya Unilever, anapita ku boma ndi ganizo lakuti tchire la Tanganyika, Tanzania ya lero, lilambulidwe ndi makina, padzalidwe mtedza wochuluka zedi. Boma linatuma kagulu kotsogozedwa ndi John Wakefield kuti kakaone malo. Kaguluka kanayendera dzikolo kwa masabata owerengeka, mbali yaikulu kali m'ndege, n'kubwerera ndi lipoti lovomereza kuti alime maekala oposa 3 miliyoni, ambiri mwa iwo ku Tanganyika.

Ntchito inayamba mu 1947 ku Kongwa, m'dziko la Agogo, kenako ku Urambo ndi ku Nachingwea kumwera. Zimene zinachitika zikanaseketsa pakanapanda kuwonongeka chuma chochuluka chotero. Mathirakitala otsala kunkhondo ankathyoka tchire lisanathe. Anafika posandutsa akasinja a nkhondo kukhala mathirakitala, ndiponso pomangirira unyolo wa nangula wa sitima pakati pa makina awiri kuti uzigwetsa mitengo. Mizu inakana kuzuka. Mvula ya ku Kongwa inali yochepa ndi yosadalirika, chinthu chimene Agogo oweta ng'ombe kumeneko ankachidziwa kuyambira makolo awo. Dothi likauma linkalimba kwambiri moti mtedza umene unabereka unkakanirira pansi. Mu Januwale 1951 boma la Britain linaimitsa ntchitoyi litataya mapaundi oposa 36 miliyoni. Doko la Mtwara linatsegulidwa mu 1954, mtedza utaiwalika kale, ndipo njanji imene anaimangira kututa mtedzawo inatsekedwa mu 1963.

Anthu amenewa sanali amisala, ndipo sanayambire pa maloto opanda mutu. Vuto la mafuta linalipo ndithu. Koma vutolo linali la ku London, yankho analiganizira ku London, pamene ntchito inali yoti ichitikire pa dothi limene eni ake sanafunsidwe mokwanira. Munthu akakonda ganizo lake amafunsa mafunso ofuna kumva "inde", ndipo amayamba ndi maekala mamiliyoni pamene ekala imodzi ikanamuuza zoona m'chaka chimodzi. Akale anati safunsa anadya phula. Wofunsa atasankha kale naye amadya phula lomwelo.

Nkhani inanso yofanana ndi imeneyi inachitikira pa nsomba zenizenizo. Ku Kalokol, m'mbali mwa nyanja ya Turkana kumpoto kwa Kenya, boma la Norway linathandiza kumanga fakitale yaikulu yoziziritsa nsomba m'mafiriji kuti zizikagulitsidwa kutali. Fakitaleyo inatha kumangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kuziziritsa nsomba m'chipululu chotentha kunafuna magetsi ndi madzi oyera okwera mtengo kuposa nsombazo, ndipo makina anazimitsidwa pasanapite nthawi. Chilala chitabwera, madzi anaphwera pamalo pamene nsomba zinkagwidwa zambiri. Koma malonda a nsomba ku Turkana sanafe. Mpaka lero nsomba zouma zothira mchere zimachoka kumeneko pa malole kupita kutali, mpaka ku Congo. Njira imene inapirira ndi imene inkagwirizana ndi dzuwa, mchere ndi matumba a anthu a komweko.

Vuto lilipo, nanga ndalama ili kuti?

Munthu asamve ngati ganizo lochokera kunja n'loipa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Injini ya boti, ukonde wa nayiloni, nyali ya batire ndi foni ya m'manja, palibe chimene chinabadwira ku Mbaha kapena ku Liuli, koma zonsezi zinalandiridwa ndi manja awiri. Msodzi sakanapempha nyali ya batire asanaione. Ganizo ndi lofunika. Chongofunika n'chakuti litsikire pamchenga, likumane ndi munthu amene akuluza, limve yankho lake.

Ndipo ngakhale ganizo litakumana ndi vuto lenileni, pamatsala funso limene limagwetsa ambiri. Kutsidya la nyanja ku Malawi, cha m'ma 2015, akatswiri a ku Chancellor College pamodzi ndi nthambi ya boma yoona zausodzi anayesa nyumba zoyanikiramo nsomba pa ntchito yotchedwa Nsomba N'chuma, m'magombe a ku Salima ndi ku Mangochi. Nyumbayo ndi yamitengo, yokutidwa ndi pulasitiki yoonekera mkati, ndipo matandala amakhala m'kati mwake. Dzuwa limatenthetsa mpweya, mvula siilowa, ntchentche ndi fumbi zimatsala kunja. Usipa wake umatuluka woyera, woyenera kuikidwa m'mapaketi n'kugulitsidwa m'masitolo akuluakulu. Vuto linali lenileni, yankho linagwira ntchito. Chotsalira chinali mtengo womangira nyumbayo, umene unali wopitirira mpamba wa amayi ambiri oyanika nsomba. N'chifukwa chake gawo lachiwiri la ntchitoyi linatembenukira ku nkhani ya ngongole ndi njira zopezera ndalama, makamaka kwa amayi.

Wofuna bizinesi pamenepa aone bwino. Mayi amene sangathe kumanga nyumba yoyanikira akhoza kulipira kandalama pa beseni lililonse limene wayanikamo tsiku la mvula. Ndiye kuti bizinesi mwina si kugulitsa nyumbazo ayi, koma kumanga imodzi n'kumabwereketsa malo. Koma wobwereketsayo awerengerenso miyezi ya chilimwe, pamene dzuwa ndi laulere ndipo palibe amene adzamufune, komanso masiku a mwezi wowala pamene usipa kulibe. Awerengere pulasitiki imene imang'ambika ndi mphepo. Afunsenso ngati pali wogula amene adzawonjezeredi mtengo chifukwa cha ukhondo, pakuti usipa woyera ukakathiridwa m'thumba limodzi ndi wamchenga pamsika, khama lonse lapita pachabe. Chinthu chimodzimodzicho chikhoza kukhala bizinesi kapena manda a mpamba, malingana ndi amene akulipira, nthawi imene ali ndi ndalama, ndi kuchuluka kwa zimene angatulutse pa kamodzi.

Chitsanzo chodziwika kwambiri cha anthu amene analola makasitomala kuwakonzera ganizo ndi M-Pesa. Mu 2005 kampani za Vodafone ndi Safaricom zinayesa njira yatsopano ku Thika, kufupi ndi Nairobi, mogwirizana ndi bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu Kenya. Cholinga chinali chakuti okongola azibweza ngongole zawo pafoni m'malo moyenda mtunda. Oyang'anira ataunika mmene anthu ankagwiritsira ntchito njirayo, anaona zina zimene sanazikonzere. Ena ankatumizira ndalama abale awo akumudzi. Ena ankalipirana pa malonda. Ena ankasungamo ndalama poyenda ulendo kuti asaberedwe. Vuto lalikulu silinali kubweza ngongole, linali kusuntha ndalama motetezeka m'dziko limene ambiri analibe akaunti ya kubanki ndipo ankatumiza ndalama kudzera kwa madalaivala a basi. Pokhazikitsa M-Pesa mu Malichi 2007, uthenga wawo unali wa kutumiza ndalama kumudzi. Vodacom inaibweretsa ku Tanzania mu 2008. Ku Malawi Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013.

Pagombe la Nyasa phindu la zimenezi limaoneka ndi maso. Wogula wa ku Songea safunikanso kukwera basi ndi ndalama m'sokosi. Amaimba foni, amagwirizana mtengo, amatumiza ndalama, matumba amakwezedwa. Ndipo pomwepo panamera bizinesi inanso, ya kanyumba ka wothandizira kutumiza ndi kutapa ndalama. Amene amaiyendetsa bwino ndi amene amadziwa kuti m'mawa wa masiku a mdima aliyense amafuna kutapa nthawi imodzi, ndiye amakonzeratu ndalama zokwanira.

Msewu wafika, magetsi afika

Kwa zaka zambiri vuto lalikulu la gombe ili linali kufikika. Msewu wochokera ku Mbinga unali wafumbi, wotsetsereka m'mapiri, ndipo m'dzinja unkasanduka matope. Zinthu zasintha m'zaka zochepa. Mu 2018 chigawo cha Ruvuma chinalumikizidwa ku magetsi a dziko lonse kudzera pa mawaya ochokera ku Makambako kufika ku Songea. Msewu wa makilomita 66 wochokera ku Mbinga kufika ku Mbamba Bay unathiridwa phula ndi thandizo la African Development Bank. Mu Sepitembala 2024 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anafika m'bomali kudzatsegulira msewuwo mwamwambo ndi kuika mwala wa maziko a doko latsopano. Panyanja, bungwe loyang'anira madoko la Tanzania Ports Authority linamangitsa ku Kyela sitima zitatu: MV Njombe ndi MV Ruvuma zonyamula katundu wa matani 1,000 iliyonse, ndi MV Mbeya II yonyamula anthu 200 ndi katundu wa matani 200.

Zonsezi ndi mbali ya ganizo lalikulu limene Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Zambia anasainirana mu 2004, lotsegula njira yamalonda kuchokera ku Mtwara kufika ku Mbamba Bay, kenako kuwoloka nyanja kupita ku Nkhata Bay. Doko lija la mtedza linapeza ntchito patapita zaka zambiri: lero limatumiza kunja korosho, ndiponso malasha okumbidwa ku Ngaka m'boma la Mbinga, amene malonda ake anakwera kwambiri mu 2022. Boma lingathe kudikira zaka 60 kuti doko lipindule. Munthu wokongola ku banki m'khonde, imene ku Tanzania amati VICOBA, ali ndi miyezi yochepa.

Nthawi ngati ino ndi imene maganizo okoma amachuluka. Wina akamva za doko amathamangira kumanga nyumba yaikulu yogona alendo, kuwerengera anthu amene adzabwere sitima zikadzayamba kuwoloka tsiku lililonse. Mwina adzabweradi. Gombeli ndi lokongola, mchenga wake ndi woyera, ndipo Liuli ali ndi mbiri yokopa: ndi pamene mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, komanso ndi pamene anaikidwa m'manda mmishonale William Percival Johnson mu 1928. Koma alendo a mawa salipira ngongole ya mwezi uno. Mnzake wochenjera amafunsa funso lina: msewu ndi magetsi zasintha chiyani kwa anthu amene ali pano kale?

Yankho limodzi ndi nsomba zaziwisi. Kale kampango kapena mpasa, nsomba yotchuka ya mumtsinje wa Ruhuhu, inkayenera kuwambidwa kuti ifike kumtunda. Tsopano galimoto yochoka kunyanja m'mawa imafika ku Mbinga ndi ku Songea tsiku lomwelo, ndipo pamene pali magetsi munthu akhoza kupanga ayezi. Ili ndi ganizo labwino, ndipo pachifukwa chomwecho ndi loopsa, pakuti ndi mbale wake wa fakitale ya ku Kalokol. Asanagule makina, munthu angayambe ndi bokosi limodzi losunga kuzizira ndi ayezi wa m'firiji ya mnzake. Aone ngati asodzi angagule ayeziyo kapena angoti nsomba zawo zimatha zisanawonongeke. Aone ngati malo odyera a ku Mbinga angalipire mtengo wokwera pa nsomba yaiwisi, kangati pa sabata, ndiponso ngati amalipira pompo kapena amati bwerani mawa. Aone mmene magetsi amathimira. Apyole nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene maboti amagona pamtunda masiku angapo otsatizana. Akaluza pa kuyesa kotere waluza bokosi ndi mafuta a njinga yamoto, osati munda wa makolo.

Malonda akale kwambiri a dera lino nawonso anayambira pa kusowa. Amatengo a kumapiri, odziwika ndi ulimi wa maenje wotchedwa ngoro umene umagwira madzi ndi dothi pamalo otsetsereka, ali ndi chimanga, nyemba ndi khofi koma alibe nsomba. A kunyanja ali ndi nsomba koma malo olima ndi ochepa. Cha kumpoto, Akisi amene amakhala pamene mapiri amagwera m'madzi penipeni anadziwika ndi kuumba miphika, n'kumaitengera pa mabwato kukasinthanitsa ndi chakudya. Msewu waphula sunayambitse malonda a pakati pa phiri ndi nyanja, wangowafupikitsira ulendo.

Ndalama ikabwera patsogolo

Ku Tanzania lamulo limalamula makhonsolo kupatula 10 peresenti ya ndalama zimene amatolera okha kuti azikongoza magulu: magawo anayi kwa amayi, anayi kwa achinyamata, awiri kwa anthu olumala. Ngongolezi zinaimitsidwa mu 2023 chifukwa cha kusabwezedwa ndi kusayenda bwino kwake, ndipo zinayambiranso mu 2024 ndi ndondomeko yatsopano. Cholinga chake n'chabwino, pakuti kusowa mpamba ndi vuto lenileni. Koma thumba lililonse lotere, kulikonse kumene lili, limabwera ndi yesero limodzi. Anthu amamva kuti kuli ndalama, amapanga gulu, kenako m'pamene amayamba kufunafuna chochita kuti alembe pafomu. Zotsatira zake zimafanana mudzi ndi mudzi: nkhuku, sopo, njinga yamoto ya kabaza. Funso limene layankhidwa ndi lakuti tilembe chiyani kuti atipatse, pamene funso lakuti ndani adzagule silinafunsidwe n'komwe.

Kutengera mnzako nako kuli ndi msampha wake. Mayi mmodzi akayamba kukazinga usipa n'kupindula, mwezi usanathe pamakhala masefuliya asanu pamalo omwewo. Vuto limene woyambayo anathetsa linali lenileni, koma tsopano lathetsedwa kasanu, ndipo onse akulimbirana makasitomala omwewo potsitsa mtengo. Wachisanu ndi chimodzi akanachita bwino kuyang'ana zimene asanu aja akusowa. Onse akufuna mafuta ndi nkhuni m'mawa uliwonse. Onse akufuna mapaketi abwino. Onse akulipira payekhapayekha kutumiza katundu ku Songea, pamene munthu mmodzi akanatha kusonkhanitsa matumba awo n'kukambirana mtengo umodzi ndi mwini galimoto. Ndipo aliyense wa iwo akafuna kulowetsa usipa wake m'sitolo yaikulu adzafunika chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la TBS, njira imene bungwe la mafakitale ang'onoang'ono la SIDO limathandizapo, koma imene ambiri saidziwa poyambira.

Pali chinthu chimodzi chimene wochita bizinesi ya kunyanja sayenera kuchinyalanyaza, ngakhale sichikoma kumva. Nyali zowala kwambiri, mainjini ndi maukonde a maso ang'onoang'ono zathetsa mavuto a msodzi mmodzimmodzi, koma zawonjezera chiwerengero cha nsomba zochotsedwa m'madzi. Ku Malawi chambo chinachepa kwambiri kum'mwera kwa nyanja ndi ku Malombe anthu akuona. Bizinesi yothandiza kugwira nsomba zambiri imadalira nyanja imene ili ndi malire. Bizinesi yopulumutsa nsomba zogwidwa kale kuti zisawole, kapena yozipezera mtengo wabwino, imawonjezera ndalama popanda kuchotsa kansomba kena m'madzi, ndipo pa ziwirizi yachiwiriyi ndi imene ili ndi tsogolo lotalikirapo.

Wowerenga amene ali ndi kampamba, kaya ali ku Mbaha, ku Nkhotakota kapena ku Metangula, asathamangire kugula makina kapena kulembetsa dzina la kampani. Ayambe wapita pagombe mbandakucha kwa mwezi wathunthu, masiku a mdima ndi a kuwala omwe, ali ndi kope. Alembe amene akutaya katundu, chimene akutaya, kangati, ndi zimene akulipira kale pofuna kudzipulumutsa. Kenako asankhe vuto limodzi, apite kwa anthu amene ali nalo, awatchulire mtengo weniweni, ndipo apemphe kuti alipireko pang'ono ntchito isanayambe. Akapezeka atatu kapena anayi otulutsa ndalama, ayambe ndi iwowo. Akangomuyamikira kuti ganizo ndi labwino koma osapisa m'thumba, ndalama yake ikhale kaye ku banki m'khonde, iye abwerere pagombe ndi kope lija.